Dzuwa la kwa Malemia Silidikira 7:30

Kumaiko ena kuli mwambo umene agogo athu atawumva angaseke mpaka kugwetsa misozi. Ku Britain, Lamulungu lomaliza la mwezi wa Malichi anthu onse amakankhira mawotchi awo kutsogolo ndi ola limodzi, ndipo Lamulungu lomaliza la Okutobala amawabwezanso. Amene anayamba kulimbikira ganizoli kumeneko ndi William Willett mu 1907, pomva chisoni kuona anthu ali mtulo dzuwa litatuluka kale. Iye anamwalira mu 1915 asanaone zipatso zake. Dziko la Germany ndilo linayamba mu 1916 pofuna kusunga malasha nthawi ya nkhondo, ndipo Britain inatsatira chaka chomwecho.

Amene amaumva kuwawa mwambowu ndi opalasa njinga. Tsiku limene mawotchi abwezedwa, dzuwa la ku London limene dzulo lake linalowa cha m'ma 5:45 limalowa isanakwane 5 koloko. Munthu amene amaweruka kukuwala amangozindikira akupalasa mumdima, pakati pa magalimoto a madalaivala otopa. Bungwe loona zopewa ngozi la RoSPA lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti ngozi zamadzulo zimachuluka nthawi imeneyi.

Ine sindikufuna kuti Malawi atengere zimenezi. Ku London usana umapitirira maola 16 mu Juni ndipo sukwana maola 8 mu Disembala, pamene kwathu umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13. Namibia inayesa kusintha mawotchi kuyambira 1994, koma mu 2017 inaleka. Komabe funso la Willett likutikhudza ife a kuchigwa cha Shire, mwina kuposa eni ake: kodi nthawi imene timayambira ntchito ikugwirizana ndi dzuwa limene tili nalo?

Aphunzitsi a jogalafe adzandichitira umboni. Nthawi ya dziko lathu inayezedwa pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa, ndipo ndi yomweyo ya ku Lusaka, Harare ndi Johannesburg. Koma Nsanje ili pa madigiri 35. Digiri iliyonse ndi mphindi 4, choncho dzuwa lathu lili patsogolo pa wotchi ndi mphindi 20, ndipo limatipeza ife pafupifupi theka la ola lisanafike ku Lusaka. Mu Novembala kwa Malemia limatuluka cha m'ma 5 koloko. Pamene belu la sukulu likulira ndi maofesi akutsekulidwa 7:30, dzuwa limakhala layenda maola awiri ndi theka. Maola amenewo ndiwo okhawo ozizira pa tsiku, ndipo timawataya tili pakhonde kudikira makiyi.

Amene sanakhalepo kuno mu Okutobala ndi Novembala sangamvetse. Kutentha kumapyola madigiri 40. Phula la msewu wa M1 limalavula moto, chishalo chimawotcha, zigamba za pachubu zimamatuka zokha. Mnyamata wa kabaza wonyamula munthu ndi thumba la ufa kuchokera kwa Tengani amafika pa boma malaya ali chonyowa ngati wagwera mu Shire. Bwana wa pagalimoto sazidziwa izi, pajatu iye amangotseka mawindo.

Tchuthi china ndinanyamula azakhali anga pakaliyala kupita nawo kuchipatala china. Tinanyamuka mbandakucha, 6 koloko tinali titafika. Tinapeza anzathu ambiri, njinga zitatsamira mpanda, koma zenera linatsekulidwa 8 koloko ili pafupi. Mankhwala tinalandira cha m'ma 11, ndipo ulendo wobwerera unali wa dzuwa la paliwombo. Azakhali anatsika katatu kukakhala pamthunzi. Palibe amene analakwa pamenepo, pakuti ogwira ntchito anatsata nthawi imene anawalembera. Cholakwika ndi nthawiyo, imene inalembedwa ngati kuti Nsanje ndi Dedza n'chimodzimodzi.

Ganizo langa ndi ili: wotchi tiisiye momwe iliri, koma kuyambira Okutobala mpaka Disembala sukulu, zipatala zazing'ono ndi maofesi a m'chigwa muno aziyamba 6:30. Ana aziweruka dzuwa lisanafike poipa, odwala azibwerera kwawo 10 koloko isanakwane. Makolo athu amachita kale zimenezi popanda lamulo: amalawirira kudimba tambala akulira, dzuwa likakwera khasu lili paphewa. Inunso abambo ansembe, mukamaitana akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ku msonkhano wa 10 koloko, kumbukirani kuti ambiri a iwo adzabwerera kwawo panjinga 2 koloko masana.

Ena adzati walira mvula walira matope: mwana wochokera kutali adzanyamuka mumdima, ndipo mphunzitsi adzakonza liti ana ake? Nkhawayi ndi yoona, n'chifukwa chake ndikunena miyezi itatu yokha. Mu Novembala 5 koloko kumakhala kwayera. Mu Juni ayi: dzuwa limatuluka 6 koloko itadutsa ndipo limalowa cha m'ma 5:15, kotero kulawirira kungaike ana pangozi. Enanso adzati ofesi ya ku Nsanje iyenera kutsekula pamodzi ndi Lilongwe. Koma ola limodzi silingagwetse boma, ndipo mafoni alipo.

Mwezi wa Juni womwewo uli ndi vuto lake limene kusintha nthawi sikungathetse. Woweruka madzulo amagwidwa ndi mdima ali panjira, ndipo njinga zambiri zimene ndimaona zilibe nyali kapena kagalasi kofiira kumbuyo. Dalaivala wa lole wochokera ku Bangula amaona munthu atafika kale pamphuno. Inu makolo, pogulira mwana njinga yopitira kusukulu, musatuluke m'sitolo opanda nyali ndi kagalasiko, ndipo mabuleki akhale ogwira mbali zonse ziwiri. Za 6:30 zija, nkhaniyi iyambire m'makomiti a sukulu ndi ku khonsolo ya Nsanje mwezi wa Okutobala usanafike.