Popo Wokhota? Asiyeni Aneba, Yang'anani Mbeu

Imwe amene muli na mtengo wa popo kuseli kwa nyumba, paja mutayila madzi otsukila mbale, nkhani ya lelo ni yanu. Mwayembekeza pafupi-fupi caka, mtengo wabeleka, koma zipatso zatuluka zokhota, zamizele-mizele, monga wina anazichaya cibakela. Kuziika pa kantemba, kasitoma angoyang'ana n'kupitilila. Manje mwayamba kuganizila aneba ati anaponya maso. Asiyeni aneba, mwandi.

Mitengo ya popo ili mitundu itatu. Waumuna uli na tumaluwa twambili tolendewela pa tumphanda tutali. Waukazi uli na duwa lonenepa pafupi na thunthu, ndipo zipatso zake ni zobulungila. Wacitatu uli na mbali zonse ziŵili m'duwa limodzi, umadzibeleketsa wekha, ndipo umapatsa popo uja wautali, wa mnofu wambili. Alimi ogulitsa amakonda wacitatuwu maningi. Koma ndiwonso wovuta mtima.

Usiku ukazizila, monga mu June na July kuno ku Lusaka, mbali zacimuna za duwa zimasokonezeka. Zimanenepa n'kumamatila ku kacipatso kakali kang'ono, ndiye cimakula na zipsela komanso makwinya. Alimi olankhula Cizungu amacicha nkhope ya pusi, ndipo mukaciona simungatsutse. Madzi ambili m'nthaka na feteleza wa nayitilojeni wopitilila zimaonjezela vuto. Kukatentha kwambili naponso umacita zina: maluwa amagwa osabeleka, pathunthu n'kutsala mpata wopanda kanthu.

Apa pali nkhani ni apa. Si mitengo yonse imasokonezeka mofanana, ndipo khalidwe limeneli limapita ku ana kupyolela mu mbeu. Ndiye cifukwa cake akatswili okonza mbeu ku Hawaii na ku Brazil sathamangila cipatso cimodzi cokongola. Amayendela mtengo uliwonse nyengo yozizila na yotentha, kuŵelenga zipatso zolemala. Mtengo wopunduka pafupi-pafupi amausiya, wosasintha-sintha ndiwo amatengako mbeu. Asanatenge, amavala duwa kathumba ka pepala likalibe kutseguka, kuti mungu wa mtengo wina usaloŵe. Mbeu zocokela pa duwa lotelo zimapatsa mitengo iŵili ya mbali zonse pa itatu iliyonse, wotsalawo waukazi. Waumuna palibe olo umodzi. Popo wa Solo, amene anafika ku Hawaii kucokela ku Barbados mu 1911, anasungidwa mwa kusankha kotele kwa zaka zambili.

Ise kuno m'komboni ticita bwanji? Tigula popo wosalala pa Soweto, tidya, mbeu titaya kuseli kwa nyumba, zamela. Kaya mtengo wake unabeleka zokhota zingati, kaya bambo wake ni uti, sitidziŵa. Ni juga cabe. Kuli bwino kupempha cipatso kwa munthu amene mtengo wake mwauona na maso anu kuti wapyola mphepo ya July uli na zipatso zoongoka kucokela pansi mpaka pamwamba. Mukagula mbeu ya m'sitolo monga Red Lady, ya kampani ya ku Taiwan, dziŵani kuti ni haibulidi. Idzakubelekelani bwino, koma mbeu zimene mudzacotsa m'cipatso cake sizidzafanana na mayi wake.

Pobyala, ikani mbande zitatu pa dzenje limodzi. Zikacita maluwa, sungani ya mbali zonse, zinazo dulani. Niziba cimaŵaŵa kudula mtengo umene mwathilila miyezi, koma yadi ya lendi ilibe malo osungila mlendo wosabeleka. Za kukhomela msomali pa mtengo waumuna zija, sungani msomali wanu.

Cenjelani cabe kuti si kupunduka konse kocokela ku mbeu. Ngati cipatso cili na tumabampu paliponse ndipo cikukha mkaka cokha, kaŵili-kaŵili nthaka ikusoŵa boloni, maka-maka ngati ni yamcenga. Apo funsani alangizi a zaulimi musanathile ciliconse, cifukwa boloni akaculuka amaocha mtengo.

Zokhota zimene zili pamtengo pali pano, thyolani zikali zing'ono kuti zabwino zipeze malo. Zimene zakula kale musataye. Popo muŵisi amafewetsa nyama yolimba, dulani tuzidutswa tuŵili muike mumphika umodzi na nkhuku ya kumudzi ija.