Lamya Ikhale Msika Wathu

Mlimi wa ku Lundazi amagulitsa nshawa pa mtengo wolira cifukwa adziwa wogula mmodzi cabe, uja wobwera ndi sikelo pakhomo. Koma lamya imene timauzirana nayo za maliro ingatipezere ogula ena ku Chipata ndi ku Lusaka.

Tiyambire pafupi. A mphakati umodzi kapena a kopaletivu atsegule gulu la WhatsApp, aitaniremo ogula, eni mamotoka ndi alangizi. Polengeza malonda, ikani cithunzi, makilogalamu, mtengo ndi dzina la mudzi. Katundu asacoke musanaone ndalama mu Airtel Money kapena MTN MoMo yanu. Uthenga wokha ungakhale wabodza.

Nafenso tikhale oona. Thumba limodzi losakaniza ndi miyala lidzaipitsa mbiri ya mudzi wonse.