NSAPATO ZOTI ZIMALIMBITSA THUPI: KODI NDALAMA ZIKUPITILA CIANI?

Ku Nkana East, mu mzinda wa Kitwe, kumene nyumba zikuluzikulu zinamangidwila mabwana a mgodi wa Nkana m'masiku a atsamunda, kuli mwambo umene makolo a kumudzi angaseke nao. M'mamawa dzuwa lisanatuluke, ndiponso madzulo anthu ataweluka, amuna ndi akazi a m'maofesi amatuluka m'mipanda yao ndi kuyamba kuyenda ndawala kapena kuthamanga m'mbali mwa miseu, popanda cowapitikitsa. Iwo afuna kucepetsa mimba, pakuti nchito ya pampando ndi maulendo a pagalimoto zawanenepetsa. Mwambo umenewu ulibe colakwa. Colakwa cili pa malonda amene abwela pambuyo pake.

Malondawo ndi nsapato zokhota kunsi ngati bwato, makabudula othina kwambili, ndi malamba a mphila omanga pamimba. Ogulitsa amalonjeza kuti munthu akangovala, minofu imalimba yokha ndipo mafuta amasungunuka. Katunduyu sathela ku Kitwe ai. Wina amapita kumudzi ngati mphatso yocokela kwa mwana wa ku Migodi, wina amatuluka m'mabelo a salaula, amene amatsegulidwa pa Chisokone monganso pa misika ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndipo wina amatsatsidwa pa Facebook m'mafoni amene tsopano afika m'midzi yambili. Cotelo mlimi amene wagulitsa nshawa kapena soya ayenela kudziwa mbili ya zinthuzi asanamasule mfundo ya pa mpango.

Nsapato zokhota kunsi zinachuka ndi mzungu wina wa ku Switzerland, Karl Müller, amene m'zaka za m'ma 1990 anapanga nsapato ya MBT, dzina limene limatanthauza luso la kuyenda kwa Amasai popanda nsapato. Amasai ndi abusa a ng'ombe a ku Kenya ndi Tanzania. Nkhani yake ndi yoseketsa ndithu: kayendedwe ka m'busa wa mu Africa wopanda nsapato kanasanduka katundu wodula wogulitsa kwa anthu olemela a ku Ulaya. Ganizo lake linali lakuti nsapato ikakhala yosakhazikika, thupi limalimbana ndi kugwa pa phazi lililonse, ndipo potelo minofu imagwila nchito yoposa.

Makampani aakulu a ku America anaona kuti apa pali ndalama. Mu 2009 kampani ya Reebok inatulutsa nsapato ya EasyTone, nilengeza kuti imalimbitsa minofu ya m'matako ndi mapelesenti 28 kuposa nsapato wamba, ndiponso ya kumbuyo kwa nchafu ndi ya akatumba ndi mapelesenti 11. Kampani ya Skechers inabwela ndi yake ya Shape-ups, ndipo inalemba nchito mkazi wochuka wa pa wailesi ya kanema, Kim Kardashian, kuti aitamande. M'caka ca 2010 cokha, malonda a nsapato za mtunduwu anayandikila madola 1 biliyoni.

Tsono m'caka comweco ca 2010, bungwe la American Council on Exercise linapempha akatswili a pa yunivesite ya Wisconsin ku La Crosse, motsogozedwa ndi John Porcari, kuti ayese nsapatozi. Iwo anatenga magulu awili a akazi acitsikana, gulu lililonse akazi 12, nawayendetsa pa makina atavala MBT, EasyTone, Shape-ups ndi nsapato wamba yothamangila. Pa gulu loyamba anapima kugunda kwa mtima, mpweya umene thupi linali kugwilitsa nchito ndi mphamvu imene linali kutentha. Pa gulu laciwili anamata timawaya pa akatumba, pa nchafu, pa matako, pamsana ndi pamimba kuti aone mmene minofu inali kukokela. Sanapeze kusiyana koti munthu n'kuchulapo. Nsapato yodulayo ndi nsapato wamba zinafanana.

Boma la America silinangoyang'ana. Mu September 2011 bungwe lake loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linacititsa Reebok kulipila madola 25 miliyoni obwezela amene anagula, ndipo mu May 2012 Skechers inavomela kulipila madola 40 miliyoni. Makampani onse awili sanavomele kuti ananama, koma ndalama anapeleka, ndipo analetsedwa kunenanso zimene alibe nazo umboni. Pa mlandu wa Skechers panaululikanso kanthu kena kocititsa manyazi: katswili wowongola misana amene anacita kafukufuku woyamikila nsapatozo anali mwamuna wa mmodzi wa akuluakulu otsatsa malonda m'kampani yomweyo. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Zovala nazo zinagwa mu mbuna yomweyo. Mu 2014 makampani a Wacoal America ndi Norm Thompson Outfitters analipila madola oposa 1.5 miliyoni cifukwa ca zovala zam'kati zimene anati nsalu yake ili ndi mankhwala a mu khofi osungunula mafuta.

Cifukwa cimene zinthuzi zimalephelela si cobvuta kumva kwa munthu amene anagwilapo khasu. Mnofu umakula pamene ukakamizidwa kunyamula kapena kukoka coposa cimene unazolowela, kenaka n'kupumula, n'kudya, n'kubwelelanso ku nchito yomweyo. Mnyamata amene wayamba kulima mizele amamva kuwawa masiku oyamba, koma pofika mwezi manja ake amakhala atakhwima. Amuna a ku Wusakile ndi Chamboli amene anali kuwola miyala ndi fosholo pansi pa mgodi sanafunike covala capadela kuti mapewa ao atambalale. Nsapato yogwedela imapatsa thupi kanchito kakang'ono kodzicilikiza, ndipo thupi limakazolowela msanga. Ngati munthu amva miyendo kuwawa atavala nsapato yacilendo, cimeneco si cizindikilo ca kulimba. Ngakhale nsapato yothina ya pa ukwati imawawitsa miyendo.

Lamba wa mphila ndiye wonyenga koposa, pakuti amaonetsa umboni wooneka ndi maso. Munthu akammasula amapeza pamimba pali nyowe, ndipo akakwela pa sikelo amaona kuti wapepuka pang'ono. Komatu cimene catuluka ndi madzi, si mafuta, ndipo akamwa makapu awili sikelo imabwelela pamene inali. Thupi silicotsa mafuta pa malo amene munthu wamangapo cingwe. Kabudula wothina naye amasonkhanitsa mnofu monga mmene cisako cimasonkhanitsila udzu, ndipo akabvulidwa zonse zimabwelela m'malo mwake.

Pali malo amene zinthu zofanana ndi izi zimathandiza, koma ndi kucipatala. Madokotala amalembela odwala shuga nsapato zokhota kunsi kuti zilonda zisabuke kuphazi, ndipo amapatsa masokosi othina kwa anthu otupa mitsempha ya m'miyendo. Kumeneko ndi kucilitsa nthenda imene yapimidwa, si kukongoletsa thupi. Ndiponso zimacitika kuti munthu amene wataya ndalama zambili pa nsapato amayamba kuyenda tsiku ndi tsiku poopa kuti ndalamazo zingapite pacabe. Akacepa thupi amayamika nsapato, pamene woyenela kuyamikidwa ndi mtunda umene wayenda. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa makilomita 42 pa maseŵela a Olympic ku Rome mu 1960 alibe nsapato konse. Samuel Matete, mwana wa ku Chingola, anagonjetsa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 pa liwilo la mamita 400 lolumpha zopinga cifukwa ca zaka za kudzizunza pa bwalo.

Bungwe la zaumoyo la World Health Organization limati munthu wamkulu agwilitse thupi nchito yotulutsa thukuta kwa mphindi zosacepela 150 pa sabata, ndiponso acite nchito yolimbitsa minofu masiku awili. Mai amene amasinja cimanga mu mtondo, kusenza ndowa ya malita 20 kucokela ku cigwilizano ca pa mjigo, ndi kupalila munda, amakwanitsa zimenezi lisanafike Lacitatu. Woyenela kucenjela ndi uja amene wasiya khasu n'kukhala mu kantemba tsiku lonse, kapena wasiya njinga yopalasa n'kukwela yamoto, koma nsima ndi mcele sanacepetse. Kafukufuku wa boma wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anai alionse mu Zambia ndi wonenepa kopitilila, ndipo akazi ndiwo aculuka. Mankhwala a zimenezo ndi mwendo ndi mbale, ndipo pa mbale palibe nsapato imene ingathandizepo.

Kumudzi nsapato ili ndi nchito yake yeniyeni, ndiyo kuchinjiliza phazi ku minga, ku matekenya, ku njoka, ndi ku njoka zam'mimba zimene zimalowela pa khungu la kumapazi. Nchito imeneyi imafuna nsapato yafulati kunsi, yosatelela, yokwana bwino. Nsapato imene inapangidwa dala kuti izigwedela, ndipo yafika mu belo itadyeka kale mbali imodzi, ikhoza kubinyitsa kakolo wa mai wosenza mtolo wa nkhuni pa njila ya miyala, ndipo kubinya m'mwezi wa December kutanthauza munda wosapalila.

Lamulo la Zambia la mu 2010 loteteza ogula limaletsa wamalonda kunena zabodza za katundu wake, ndipo madandaulo amapita ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission. Wogula m'sitolo asunge lisiti ndi pepala limene palembedwa malonjezowo, pakuti ndiwo umboni wake. Wogula pa mulu wa salaula alibe lisiti, ndipo ndalama yake ikapita yapita.