Tumani linki, osati vidiyo

M'mabasi a ku Matero, Chawama na Mtendere nyimbo sizisowa. A dilaiva ali na flash yao, wa kumpando wakumbuyo apenyelela vidiyo yatsopano, mnzake akuti "nitumileko pa WhatsApp". Tonse timakamba kuti tikonda oimba athu. Manje pa kumvela konse uku, woimba apezapo zingati?

Vidiyo imodzi imadya ndalama zambili: situdiyo, wopanga biti, wojambula, ovina, zovala. Kuti ndalamazo zibwelele, anthu afunika kuipenyelela kumene mwiniwake anaiika, monga pa YouTube, olo kumvela nyimboyo pa Boomplay na Spotify, imene inafika mu Zambia mu 2021. Kumeneko aliyense wopenya amawelengewa. Manambala amenewo ndiye amabweletsa malipilo, ndiponso ndiye amene okonza mashoo na makampani amayang'ana akalibe kuitana woimba.

Koma mukaidaunilodi na kuiponya mu gulupu, anthu 200 angaione, kwa woimba n'kukhala ziro. Zoipa kuposa apa ni mapeji amene amatenga vidiyo ya wina na kuiika ngati yao. Thukuta ni la woimba, ma views ni a peji.

Lamulo lilipo. Copyright and Performance Rights Act ya mu 1994 imati nyimbo ili na mwiniwake, ndipo umwini upitiliza zaka 50 wolemba atamwalila. Bungwe la ZAMCOPS limatolela ndalama ku mawailesi, ma TV na mabala m'malo mwa oimba. Vuto ni lakuti akuba amathamanga kupambana lamulo. Mu 2013 boma linabweletsa ka hologram ka pa ma CD na ma DVD, koma lelo ndani agula CD? Malonda anasamukila ku anyamata oika nyimbo mu memory card pa maketi, ndipo pa ndalama imene mumawapatsa woimba saonapo ngakhale ngwee.

Amene aganiza kuti umwini ni nkhani ya pa pepa cabe akumbukile Paul Ngozi. Anamwalila mu 1989, koma mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anaseŵenzetsa mbali ya nyimbo ya Ngozi Family mu nyimbo yake "Noid". Nyimbo ya m'ma 1970 ikali na mtengo mpaka lelo. Ni cuma monga nyumba ya lenti, cimene ana angadyeko.

Ena adzati mabando ni odula, ndipo kutumilana ndiye kumachukitsa nyimbo. Zoona, thumba la wokwela basi si lakuya. Koma kuchuka sikulipila lenti ku Kabwata. Timaona oimba amene dziko lonse linavina nyimbo zao akupempha thandizo akadwala, ife n'kudabwa kuti ndalama zinayenda kuti.

Naonso oimba asagone. Alembetse nyimbo ku ZAMCOPS, asainilane na wopanga biti za kagaŵidwe ka ndalama nyimbo ikalibe kucoka, ndipo aŵelenge kontilakiti akalibe kupatsa munthu ufulu wa vidiyo yao. Peji ikaba, YouTube na Facebook ali na njila yodandaulila kuti vidiyo icotsedwe.

Kwa ife apaulendo nchito ni yocepa: mnzanu akapempha nyimbo, mutumileni linki. Kondakita salola munthu kuseluka osalipila. Nanga woimba amene watisangalatsa njila yonse kucokela ku Kulima Tower, tim'siye cimanjamanja?