Wogula Naye Akhoza Kukhala Wakuba

Mlimi wa fodya amene adafikako ku okushoni ya ku Limbe kapena ya ku Kanengo adziwa bwino m'mene malonda amayendera kumeneko. Mabelo ali pa mzere, ogula ayenda m'mbali mwake natchula mitengo, ndipo amene waposa anzake ndiye atenga belo. Mlimi amadandaula za mtengo, ndipo nthawi zambiri dandaulo lakelo limakhala lomveka, koma sagona ndi mantha akuti wogula athawa ndi fodya osalipira, pakuti ogulawo ndi makampani odziwika, okhala ndi maina ndi maofesi.

Masiku ano kuli okushoni ina imene ilibe mzere wa mabelo, ndipo wogula ndi wogulitsa saonana maso ndi maso. Imeneyi ndi okushoni ya pa intaneti, ndipo yotchuka koposa ndi eBay, imene Pierre Omidyar adaiyambitsa ku California m'dziko la America m'chaka cha 1995. Munthu amajambula katundu wake, naika chithunzi ndi mtengo woyambira, ndipo anthu a m'mizinda yakutali amapikisana kwa masiku angapo kufikira nthawi itakwana. Chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa pamenepo chidali kachipangizo kolozera ndi kuwala, kothyoka kale, kamene kadapita pa madola 14.83. Omidyar adachita kumlembera wogulayo kumfunsa ngati wamvetsa kuti kachipangizoko n'kakufa, ndipo iye adavomera. Malonda amenewo adayenda pa kukhulupirirana kokhakokha, ndipo msika ukadakhala waung'ono chotero sipakadakhala nkhani yolemba.

Anthu ambiri akamachenjezana za msika wotere amaloza chala wogulitsa, amene angalandire ndalama osatumiza kanthu. Chenjezo limenelo n'loona, koma labisa mbala ina imene imabwera itavala malaya a kasitomala. Wogula naye amaba, ndipo kuba kwake n'kosavuta, chifukwa malamulo a misika imeneyi adapendekera mbali yake. Kuyambira m'chaka cha 2008 wogulitsa pa eBay saloledwa kulemba ndemanga yoipa pa dzina la wogula, pamene wogula ali ndi ufulu wonse wodetsa dzina la wogulitsa. Wogula ali ndi masiku 30 oti adandaule katundu atafika kapena tsiku loti afike litadutsa. Ngati adalipira kudzera pa PayPal, dandaulo la katundu wosafika limalandiridwa mpaka masiku 180. Ngati adalipira ndi khadi ya ku banki, akhozanso kupempha banki yake kuti ibweze ndalamazo patapita miyezi ingapo, wogulitsa ataiwala kale za malondawo ndipo ndalama atazidya.

Eni msika sadachite zimenezi chifukwa chodana ndi ogulitsa. Iwo adaona kuti ogulitsa ena ankabwezera chipongwe wogula aliyense wodandaula, ndipo adadziwa kuti msika umene ogula auopa umafa msanga. Maganizo amenewa ali ndi nzeru yake. Komabe chilungamo chimene chiteteza mbali imodzi chimasiya mbali inayo pa mtetete, ndipo amene amavutika kwambiri si sitolo yaikulu yogulitsa zinthu zikwizikwi, imene ikabedwa kamodzi imangolemba m'buku la zotayika. Amavutika ndi mwana wasukulu wa ku Manchester amene wagulitsa foni yake imodzi kuti alipire lendi, kapena mayi wa ku Chicago amene wagulitsa kamera ya malemu mwamuna wake.

Njira yoyamba ya wogula wakuba ndi yakale ngati bodza lenilenilo: alandira phasulo, nanena kuti silidafike. Wogulitsa amene adangoponya katundu ku positi popanda nambala yolondolera ulendo wake alibe choyankha, ndipo mlandu umamgwera tsiku lomwelo. Njira yachiwiri ndiyo yopweteka mtima kopambana, chifukwa imagwira ngakhale munthu wosamala. Wogula avomera kuti katundu wafika, koma anena kuti si amene adalonjezedwa, kapena kuti wafika wowonongeka. Msika umlamula kuti abweze katunduyo, ndipo iye atumizadi bokosi. Wogulitsa potsekula apezamo foni ina yakufa ya mtundu womwewo, kapena mapepala, kapena chidutswa cha njerwa choika kuti bokosi lilemere. Mabuku a positi aonetsa kuti phasulo lidabwerera kwa mwini wake, ndipo makina a msika, amene saona za m'kati mwa bokosi, abweza ndalama kwa wakubayo. Apa wogulitsa wataya foni, wataya ndalama, nthawi zina walipiranso mtengo wotumizira njerwa ija kunyumba kwake.

Palinso wogula wooneka wowolowa manja. Iyeyu sakangana za mtengo. Atumiza cheke cha ndalama zoposa zimene adagwirizana, napepesa kuti walakwitsa, napempha kuti zotsalazo zibwezedwe msanga kapena ziperekedwe kwa munthu wodzatenga katundu. Banki imatha kuonetsa ndalamazo m'akaunti cheke chisadatsimikizidwe, ndipo chinyengo chake chikadziwika patapita masiku kapena masabata, banki ichotsa zonse, pamene chenji chija chidapita kale ndipo chidali ndalama zenizeni za wogulitsa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mbale wake wa cheke chabodza ndi kalata ya pa intaneti yokongoletsedwa ndi chizindikiro cha eBay kapena cha PayPal, yonena kuti ndalama zalipidwa ndipo zikungodikira kuti katundu atumizidwe. Kalata yotere aliyense wodziwa kompyuta akhoza kuilemba m'mphindi zochepa. Ena apempha kuti malonda atsirizidwe kumbali, kunja kwa msika, kuti onse awiri apewe msonkho, ndipo ena apempha kuti katundu apite ku keyala ina, ati ndi mphatso ya mphwawo. Wogulitsa akavomera chimodzi mwa ziwirizi wadzichotsera yekha chitetezo chochepa chimene msika udampatsa.

Pa mabwalo a milandu a kumudzi munthu amapulumuka ndi mbiri yake, pakuti anthu amdziwa kuyambira ubwana wake ndipo mfumu imva mawu a mboni. Pa msika wa pa intaneti mulibe mfumu yomudziwa munthu. Woweruza ndi mlembi wakutali, kapena makina chabe, ndipo chimene afuna ndi nambala, chithunzi ndi tsiku. Chifukwa chake wogulitsa ayenera kukonza mlandu wake katundu asadatuluke m'nyumba, nthawi imene palibe wina amene wamuimba mlandu.

Ntchitoyo iyamba ndi mafotokozedwe a katundu. Chilema chilichonse, kaya ndi kamng'alu pa galasi kaya ndi batire lotha msanga, chilembedwe poyera ndi kujambulidwa, chifukwa chilema chobisidwa ndicho khomo limene wodandaula monama amalowera. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene imaoneka munthu akaimba *#06#, ndipo makompyuta ndi makamera ali ndi nambala zao za ku fakitale. Nambala imeneyi ilembedwe ndi kujambulidwa pamodzi ndi katunduyo, kuti foni ina ikabwera m'malo mwake kusiyanako kuoneke. Ogulitsa ochenjera amajambulanso kanema pamene akulongedza ndi kumata bokosi, ndiponso pamene akutsekula bokosi lobwezedwa. Kanemayo sathetsa mlandu nthawi zonse, koma munthu amene ali naye ali ndi chonena kwa msika, kwa banki ndi kwa apolisi.

Ku positi nako kuli umboni umene ambiri amautaya m'bini. Risiti imaonetsa tsiku, kumene phasulo likupita, ndipo kawirikawiri kulemera kwake pa sikelo. Bokosi limene lidapita lolemera magalamu 600 likabwerera lili ndi magalamu 200, risiti ziwirizo zimalankhula zokha. Achikulire akumbukira kalata ya rejisitala, imene wolandira ankasainira m'buku la positi. Nzeru yake ndi yomweyo. Katundu atumizidwe ndi nambala yolondolera, ku keyala yokhayo imene yalembedwa pa msika, ndipo ngati ndi wa mtengo wapatali wolandira asaine. Ku America eBay imafuna siginecha pa katundu wa madola 750 kapena kuposerapo, ndipo wogulitsa amene wanyalanyaza lamuloli akhoza kugonja ngakhale nambala yolondolera itaonetsa kuti phasulo lidafika. Za ndalama, lamulo lake ndi limodzi: wogulitsa alowe yekha m'akaunti yake, osadzera pa kalata imene wogula watumiza, naone ndi maso ake kuti ndalama zalowa.

Ena adzati kuchita zonsezi ndi kunyoza ogula, popeza ambiri mwa iwo ndi anthu oona mtima, ndiponso kuti positi yolondolera imadya phindu. Zoona, ambiri ndi oona mtima, ndipo wogulitsa akhoza kutha chaka chonse osakumana ndi wakuba. Koma wogula wolungama sataya kanthu pamene katundu wake wajambulidwa ndi kusainidwa. Iye ndiye amakondwa kulandira nambala yoti alondolere phasulo lake. Amene amakwiya ndi risiti, amene amafulumizitsa wogulitsa ndi nkhani za maliro ndi za ulendo wamawa, wadziulula yekha. Ndipo mtengo wa positi yabwino ukhoza kuikidwa pa mtengo wa katundu kuyambira pachiyambi.

Chodandaulitsa n'chakuti ngakhale wogulitsa atachita zonsezi akhoza kugonjabe, makamaka pa mlandu wa bokosi lobwezedwa, pamene mawu a munthu mmodzi alimbana ndi mawu a mnzake. Eni misika, amene amadya msonkho pa malonda alionse, ayenera kuika anthu okwanira oti aziwerenga umboni wa ogulitsa ang'onoang'ono m'malo mosiyira makina. Kufikira zimenezo zitachitika, katundu amene kutayika kwake kungagwetse banja ndi bwino kumgulitsa pamaso, pamalo a anthu ambiri, masana, ndalama zikuwerengedwa pomwepo.

Achinyamata a ku Malawi amene atsiriza sukulu nayamba kugulitsa mafoni, nsapato ndi zovala pa Facebook ndi pa WhatsApp asaganize kuti nkhaniyi ndi ya kutsidya kwa nyanja kokha. Kuno cheke chabodza chasanduka uthenga wa pa foni wofanana ndi wa kampani yotumiza ndalama, wonena kuti zakutizakuti zalowa, ndipo wogula aimba pomwepo kuti katundu akwezedwe pa basi ya madzulo. Wogulitsa wa pa Facebook alibe ngakhale woweruza wakutali uja woti akadandaulireko. Ayang'ane yekha ndalama zotsala m'akaunti yake ya Airtel Money kapena ya Mpamba katundu asadachoke, alembe nambala ya basi ndi dzina la kondakitala, ndipo asafufute mauthenga a wogulayo. Aphunzitsi amene amaphunzitsa kalembedwe ka kalata ya ntchito ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama angachite bwino kuonetsa ana a Fomu 4 uthenga weniweni ndi wabodza pa bolodi limodzi, kuti anawo apeze okha pamene pali kusiyana.