Zala Nazo Zimawerenga Mapu

Taganizirani mwana wosaona wa ku Kuwadzana, kumadzulo kwa mzinda wa Harare, ali m'kalasi limodzi ndi anzake oona. Mphunzitsi wajambula mapu a Zimbabwe pabolodi nati: "Onani apa, uwu ndi mtsinje wa Zambezi." Kwa mwanayo, mawu akuti "apa" ndi opanda tanthauzo. Zilembo za Braille, zimene Louis Braille anazikonza m'chaka cha 1824, zimamuthandiza kuwerenga mawu, koma mapu, duwa kapena mtima wa munthu sangazidziwe bwino ndi timadontho tisanu ndi kamodzi tokha.

Kuphunzitsa osaona si kwachilendo m'dera lathu lino. Amishoni a Dutch Reformed Church anayamba ntchitoyi ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905, ndipo a mpingo womwewo ndiwo anayambitsa sukulu ya Copota ku Masvingo. Ku Malawi aphunzitsi a ana otere amasulidwa pa koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Chimene chimasowa kawirikawiri m'sukulu wamba ndi zithunzi zokhudza ndi zala.

Alipo makina otumphutsa chithunzi papulasitiki, lilinso pepala lapadera limene mizere yakuda imafufuma likatenthedwa. Zonsezi n'zodula. Koma katoni, guluu, chingwe, mchenga ndi nsanza zimagwira ntchito ndithu. Chingwe chikhale mtsinje, mchenga ukhale nyanja ya Kariba, batani likhale Harare. Mbewu za mapira zimamveka bwino kuzala, kungoti makoswe ndi anankafumbwe amazikondanso, choncho ine sindizilimbikitsa.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi apa: timakopera chithunzi cha m'buku monga chilili. Diso limaona chinthu chonse nthawi imodzi, pomwe chala chimayenda pang'onopang'ono, mutu n'kumalumikiza zidutswazo. Mizere ikachuluka kapena ikathithikana, chala chimasokera. Chotsani zokongoletsa zonse. Chithunzi chimodzi chiphunzitse mfundo imodzi. Mitsinje pakatoni ina, mizinda pa ina. Maina a Braille alembedwe mowongoka, ndipo dulani ngodya imodzi ya katoniyo kuti mwana adziwe kumwamba kwake.

Komanso musayambire pa chithunzi. Mwana amene sanagwirepo phesi la chimanga kuyambira kumizu mpaka kungayaye sangazindikire mzere wa chingwe woimira phesilo. Apa ndi pamene inu alimi ndi alangizi mungathandize: muitaneni kudimba, agwire chomeracho, ayeze ndi mapazi kutalikirana kwa mapando, kenaka mum'patse chithunzicho. Pomuonetsa, ikani dzanja lanu pansi pa lake m'malo momukoka zala, ndipo m'patseni nthawi yoti ayambe wafufuza katoni yonse ndi manja onse awiri.

Mukamaliza kupanga chithunzi, musachiyese ndi maso. Tsinzinani, muchipapase nokha, kenaka mufunse mwanayo zimene zala zake zamuuza musanamufotokozere kanthu.