Akuti Nkugawana, Koma Akuluza Ndani?

Achinyamata anzanga, mawu akuti “kugawana” alowa malonda, ndipo ine sindikondwa nawo. Ku Ulaya ndi ku Amereka kwamveka chuma chatsopano chimene akuchitcha chogawana. Airbnb inayamba mu 2008, Uber mu 2009, zonse mumzinda wa San Francisco. Akuti mwini galimoto anyamule mnzake, mwini chipinda agoneke mlendo, foni iwalumikize. Koma galimoto ndi ya woyendetsa, mafuta ndi ake, tayala likaphulika ndi lake; kampani imangotapa gawo lake pa ulendo uliwonse. Mu 2021 khothi lalikulu la ku Britain linagamula kuti oyendetsa a Uber ndi antchito oyenera malipiro ovomerezeka, osati amalonda oima paokha monga kampaniyo inkanenera.

Tisaseke azungu, poti ife a ku Dwambazi nkhaniyi timaidziwa bwino. Pitani padoko m’mamawa pamene a chilimira akukocheza. Kawirikawiri mwini zida amayamba wachotsa za mafuta a injini ndi a nyali, kenako nkutenga gawo lake lalikulu. Chotsala ndicho alovi onse amang’ambirana. Usipa ukagwa, aliyense amaseka. Nanga mwera ukawomba sabata yathunthu? Mwini zida ukonde ndi boti ali nazobe. Mlovi, amene anaika moyo wake pamadzi usiku wonse, amabwerera chimanjamanja, mwinanso ndi ngongole ya ufa kwa bwana yemweyo. Ena amati bwana naye anagula injini ndi ndalama zambiri. Zoona, ndipo ayenera kupindula. Koma injini simira nkusiya ana amasiye.

Chimene chikundipweteka koposa ndi banki m’khonde. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE pakati pa amayi a ku Niger mu 1991, ndipo inali yokoma: anthu odziwana agula masheya, abwerekana, asunga kathumba ka matenda ndi maliro, pakutha pa chaka nkugawana. Yaphunzitsa ana ambiri, yafolera nyumba ndi malata, zimenezi sindikana. Koma onani m’mene ena aipotozera. Pali magulu okakamiza membala aliyense kubwereka, afune asafune, kuti phindu lichuluke. Pali mayi wolowa magulu atatu, kubwereka uku kuti akabweze uko. Akalephera, anzake omwe amapemphera nawo kumphakati amapita kukanyamula matiresi, mbuzi, ngakhale kuzula malata aja. Phindu limene enawo amavinira pa tsiku logawana lachokera m’thumba la wosaukitsitsa wa m’gulumo. Katapila akavala chitenje cha yunifolomu saleka kukhala katapila.

Makolo athu pa dima ankalima munda wa mmodzi lero, wa wina mawa, ndipo wodwala ankamulimira osawerengera. Papa Benedikito XVI, m’kalata yake Caritas in Veritate ya mu 2009, anaphunzitsa kuti kupereka kwaulere kuyenera kupeza malo ngakhale m’kati mwa zamalonda momwe.

Choncho inu amene mukuyambitsa gulu, musanakambe za mtengo wa sheya, lembani m’malamulo anu zinthu izi: palibe kubwereka mokakamizidwa, chiwongoladzanja chiime pamene membala wagonekedwa m’chipatala kapena waferedwa, ndipo denga, zofunda ndi chakudya cha ana zisalandidwe. Gulu likakana, tulukani ndi ndalama zanu.